Tsiku Limene Ndinakana Kulemba Faifi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu, makamaka inu amene digiri muli nayo koma ntchito kulibe. Ine ndakhala momwemo zaka zitatu, ndiye sindikukamba zongomva.

Kumudzi ndinaphunzira sayansi ya mulabu, ndipo ndinakhoza bwino, sindibisa. Ndinafika ku Joni chaka chija mpira wa dziko lonse unaseweredwa kuno, ndikudziwa njira imodzi yokha: kuvala zoyera n'kumayeza magazi m'chipatala. Koma kulikonse ankandiuza kuti mapepala anga ayambe aunikidwa, ndikalembetse ku bungwe loona za ntchitoyi, kenako ndidikire. Ndinayenda mpaka nsapato kutha. Mwana wanga Tadala anali atayamba sukulu, ndipo njala siifunsa kuti unaphunzira mpaka pati. Ndinaika mapepala pansi pa matiresi n'kukaima pageti pa mafakitale a ku Kya Sand kufuna ganyu ngati wina aliyense. Atandifunsa za sukulu ndinati fomu folo, chifukwa wophunzira kwambiri samutenga pa ganyu, amati avuta.

Anandilemba pa kampani ina yosunga mankhwala, ntchito yolongedza makatoni. Ndi imene inkatidyetsa ine ndi Tadala, panalibenso kwina kogwira. Kupemphera ndinkapemphera, koma monyinyirika. Ndinkati, Ambuye, zaka zinayi zonse zija munandiphunzitsa kuti ndidzamate selotepi?

Mkatimo munali chipinda chozizira chosungiramo mankhwala a shuga, aja obaya. Pachitseko pake ankapachikapo pepala lolembapo kuzizira kwa chipindacho m'mawa ndi masana. Anzanga anali ndi chizolowezi chongokopera nambala ya dzulo, ena mpaka kulemberatu sabata yonse Lolemba. Tsiku lina nyengo yotentha, kapitawo wathu anandipatsa cholembera kuti ndilembe ndine. Ndinayang'ana kachipangizo koyezera, ndipo nambala inali itakwera kupitirira pamene mankhwala amenewa amapirira. Ndinagwira katoni imodzi, sinali yozizira n'komwe.

"Bhala, sisi," anatero kapitawo m'Chizulu chake. "Lemba faifi ngati anzako, lole ikudikira. Ukavuta, pageti pali anthu ambirimbiri."

Ndinachita mantha, sindinama. Ndinaganiza za Tadala, kuti mawa ndimupatsa chiyani popita kusukulu. Koma ndinkadziwanso zimene zimamuchitikira munthu wa shuga akadzibaya mankhwala otha mphamvu, iye n'kumaganiza kuti wathandizika. Ndinangoti chamumtima, Yesu ndigwireni dzanja, n'kulemba nambala yeniyeni. Kapitawo anandiuza kuti nditenge chikwama changa ndizipita.

Ndili pageti, misozi ili chuchuchu, mlonda anandibweza kuti akundifuna ku ofesi. Kumeneko ndinapeza Mayi Banda, munthu wachikulire amene ankayang'anira ubwino wa mankhwala pakampanipo. Anabadwira kuno, bambo awo anabwera kalekale kumigodi, ndipo Chichewa chawo chinali chothyokathyoka. Lole sinkanyamuka iwo asanaone pepala lija, ndiye ataona nambala yanga anaimitsa katundu yense.

"Mwana wanga, anakuuza ndani kuti nambala iyi ndi yoipa?" anandifunsa.

Ndinangoulula zonse, za digiri ndi za bodza la fomu folo lomwe. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati miyezi ingapo akhala akufunafuna munthu wodziwa zimenezi, kumachita kufunsa kutali, pamene munthuyo ali kuseri kwa khoma lawo akumata makatoni.

Mayi amenewa ndi amene ananditsegula maso. Ine ndinkayesa labu ya chipatala ndiye khomo lokhalo. Iwo anandiuza za anthu oyeza mankhwala m'fakitale asanatuluke, za ena amene amalondoloza mapepala a kafukufuku, ngakhalenso oyendera madokotala kukafotokoza mankhwala atsopano, onsewo sukulu yake ngati yanga yomweyi. Sanandibereke kumsana ayi. Ndinayamba ngati wowathandizira chabe, uku ndikuthamangitsa mapepala anga mpaka anavomerezeka. Lero ndine woyang'anira ubwino wa mankhwala, ndipo ntchitoyi ndimaidziwa ndithu. Kapitawo uja tikugwirabe naye ntchito limodzi. Ndinamukhululukira, ngakhale kuti zinanditengera nthawi, chifukwa mtima wanga si wa mngelo.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanatope ndi mapemphero anga onyinyirika aja. Inu amene munaphunzira za mulabu kapena za mankhwala ndipo mukuona ngati zinapita padera, musataye mtima, komanso musaumirire khomo limodzi ngati ine. Funsani, gogodani kwina, ndipo pamene muli lero gwirani ntchito mwachilungamo ngakhale zikuopsa. Ine ndinapempha ntchito zaka zitatu, ndipo Ambuye anandiyankha tsiku limene ndinachotsedwa ntchito.