Mdala wa mu Laputopu ya Towela

Mwana wanga Towela, amene aphunzira udokotala, anabwera kunyumba ku Kalingalinga na laputopu. Ati aphunzitsi amutuma ayese pulogalamu yatsopano yophunzitsira madokotala, aone ngati imawongolera munthu akalakwa, ndipo akapanda kupereka lipoti mawa, mamaki kulibe.

"Amama, nkhalani apa. Nifuna munthu wosadziwa vamankhwala."

"Wanipeza. Fulumira, nili na vochapa."

Pagalasi panaoneka mdala wagona pa bedi, wagwira pachifuwa.

"Ni ndani uyu?"

"Wodwala wopanga chabe. Mumupatse mankhwala olakwika. Dinani apa pofiira."

"Olakwika? Anakulakwira chani?"

"Palibe. Nifuna kuona ngati pulogalamu izakuuzani kuti mwalakwa, na chifukwa chake."

"Si waniuza kale iwe kuti ni olakwika? Lemba."

"Ifunika ikambe yeka, amama."

"Nanga abale bake bali kuti? Munthu adwala so, kulibe na womudikirira pa bedi?"

"Sibanaikemo abale."

"Iye! Mwana wamasiye, futi nimuphe ine?"

"Sangafe zoona. Dinani chabe."

Ninapinda manja. "Nimupatsa hafu."

"Kulibe hafu."

"Kota."

"Amama, ni batani iyi. Mudina kapena simudina."

"Chabwino, nidina pang'ono. Koma aka ni komaliza."

Ninagusa na kachala kothera, pang'onong'ono. Makina analira kuti tiii, mdala anatseka maso.

"Wamwalira," anatero Towela, uku alemba osatekeseka. "Onani, yafotokoza bwino. Ati mankhwala aya atsitsa magazi kwambiri. Apa yakhoza."

"Yakhoza? Mayo ine! Mdala wa eni ake!"

Ninamanga chitenge m'chiuno, ninatuluka pakhomo manja kumutu. Mu komboni kulira sikufuna kubwereza. Ba Chrissie a pafupi anayamba kutulutsa mipando yanga panja osafunsa, ba Kabaso kalipentala anafika na tepi yopimira, pensulo kukhutu.

"Amama, bwerani mkati!" Towela ananikoka dzanja. "Nayambitsanso. Wauka."

Zoona, mdala anali maso, wagwiranso pachifuwa.

"Wauka bwanji?"

"Amauka nthawi zonse, kuti wophunzira ayesenso mpaka adziwe. Ni chinthu chabwino, nachilemba."

"Ndiye nalira mahala?"

"Ninakuuzani kuti sangafe zoona."

Ninasuzumira pawindo. Azimayi anali atakhala kale pansi, wina wayambitsa nyimbo. Ba Kabaso anali kufunsa ngati malemu anali wamtali.

"Towela, lipoti yako yatha?"

"Kwatsala kumodzi. Manje dinani pobiriwira, tione ngati achira."

"Achire? Na banthu bonse aba panja, nikabauze chani? Sendeza kuno pofiira paja. Manje nidina na chala chonse."