Natale Kapena Pasaka

Iolanda anabwera ku feriyasi, tchuthi cha sukulu, ku Ntengo-Wambalame ali ndi ganizo limodzi: kujambula mawu olangiza anthu kakonzedwe ka chikondwerero cha Natale, tsiku la kubadwa kwa Ambuye, kapena cha Pasaka, n'kumagulitsa pa Watsapu. Telefoni yojambula bwino pamudzipo inali ya amalume ake a Silvestre, ndipo palibe amene anamuuza kuti ng'ombe ziwiri za pangolo zimene amalumewo anagula iye ali kusukulu anazitcha Natale ndi Pasaka.

Anawapeza kukhola akuchotsa nkhupakupa. Ananjuta, maso ali pa zala za kumapazi. Mawu anali atawayeserera njira yonse, koma onse anathawa, n'kutsala akumapeto okha.

"Malume, mundibwereke telefoni. Ndikufuna kugulitsa Natale kapena Pasaka, koma sindinasankhe."

A Silvestre anaweramuka pang'onopang'ono.

"Wati ugulitse ndani?"

"Ine mtima uli pa Natale. Ndi amene anthu amamukonda."

"Anthu ake ati? Amuonera kuti?"

"Aliyense amamudziwa, malume. Mpaka ku Tete."

"Epa. Chikhalirecho sanadutsepo pamsika pomwe."

Iolanda anaganiza kuti akumuyesa, monga amachitira apulofesola ake kusukulu. Analimba mtima.

"Pasaka ndi wovuta kugulitsa. Amabwera ndi kusala kudya."

"Pasaka kusala? Dzulo lomweli wamaliza mzere wa nyemba m'munda mwa a Gertrudes."

"Ndiponso sadziwika tsiku lobwera. Chaka chino mwezi wa Maliso, chaka chamawa Abrili."

"Apo wanena zoona, ndi woyendayenda. Koma madzulo amabwera."

"Ndiye ndatsimikiza, Natale. Ndimugawa m'zigawo zitatu."

Amalume anakhala pa mtanda wa khola.

"Zitatu."

"Inde. Choyamba cha amayi ophika, chachiwiri cha ana, chachitatu cha a kwaya."

"A kwaya adzadya chiyani, mchira? Mphwanga, kodi kusukuluko amakuphunzitsani kupha?"

"Palibe kupha. Ndingomulowetsa mu telefoni yanu."

Iwo anaitulutsa m'thumba, anaiyang'ana, anayang'ananso m'khola.

"Ndi nyanga zomwe?"

"Nyanga za chiyani? Ndi wopepuka. Wina akagula, ndimutumiza. Wina akagula, ndimutumizanso. Aliyense alandira wathunthu."

"Mmodzi yemweyo?"

"Yemweyo."

"Nanga ife titsala ndi chiyani?"

"Yemweyo. Sachoka."

A Silvestre anavula chipewa n'kuyang'ana uku ndi uku. Anatsitsa mawu.

"Iolanda, zimenezo kuno timazitcha ufiti. Kutauni ku Furancungo amazitcha kuba. Wakuphunzitsa ndani?"

"Mnzanga Pemphero. Iye anagulitsa kale tsiku la amayi."

"Amayi ake akudziwa?"

Misozi inayamba kulengeza, koma Iolanda sanasunthe. Akabwerera wopanda telefoni, Dezembulo adutsa, ndipo Pemphero adzamuseka chaka chathunthu.

"Malume, ine sindichoka. Natale ndimugulitsa basi."

"Ngolo adzakoka ndiwe?"

"Ngolo yalowa bwanji?"

"Natale, bwera kuno," anatero amalume, akuwomba m'manja. "Udzadzimvere wekha."

Ng'ombe yakuda inadzuka, inabwera ikubzikula, n'kununkhiza chitenje cha Iolanda. Mtsikanayo anaiyang'ana nthawi yaitali, nkhope ikutentha.

"Ine ndimanena tsiku la kubadwa kwa Ambuye," ananong'ona. "Malangizo chabe. Kaphikidwe ka mpunga wa anthu ambiri, kalandiridwe ka alendo, nyimbo zoyambira. Ndilankhule mu telefoni, ofuna kumva agule."

"Malangizo."

"Inde."

"Mawu okhaokha? A pakamwa?"

"Okhaokha."

"Anthu n'kumagula?"

"Amagula."

A Silvestre anaponya chipewa pansi.

"Ine imvi zonsezi ndakhala ndikulangiza mudzi uno ulere, ena mpaka amathawa akandiona. Gwira."

Telefoni inagwera m'manja mwa Iolanda. Inali yofunda, yonunkha mankhwala a nkhupakupa, ndipo anaigwira ngati dzira.

"Zikomo, malume. Ndibweza ndikangomaliza kulankhula."

"Ulankhule iwe, woti mawu ako amathera m'chibwano? Iwe uzingoilozetsa kuno. Wolankhula ndine."

Kunena zoona, Iolanda anamva kupepukidwa, koma sanafune kugonja msanga.

"Chabwino. Koma ndi Natale, ndasankha kale."

Amalume anatola chipewa, anachikuntha, anakonza kolala n'kuima mowongoka kutsogolo kwa khola.

"Natale ndi kamodzi pachaka, mphwanga, tidzafa ndi njala. Yatsa. Tiyamba ndi malangizo a pamaliro, amenewo sadikira Dezembulo."