Nthanga za Maungu ku Rongai

Pa siteji ya ku Rongai, ku Kenya, minibasi zomwe kumeneko amati matatu zinkachedwa. Mayi wina wachikulire anamva mtsikana wonyamula ndiwo zamasamba zotchedwa sukuma akuyankhula Chichewa pafoni, ndipo atangomaliza anamukodola.

"Mwana wakwathu, ndiwo zogula? Kuseri kwa nyumba kwanu kulibe dothi?"

"Lilipo, mayi. Ndinayesa kadimba koyamba, kanandikana."

"Munadzala chiyani?"

"Nthanga za maungu. Amayi anga anandipatsa ponyamuka ku Dedza, ati ndizikadya nkhwani kuno."

"Munadzala liti?"

"Disembala, monga timachitira kwathu."

"Mayo ine! Disembala? Kuno nthawi imeneyo mvula imakhala ikutsanzika. Januwale ndi dzuwa lokhalokha."

"Ndinadziwa mochedwa. Zinamera bwinobwino, masamba ngati chikhatho changachi. Ine maso kumwamba, ndati igwa mawa, igwa mawa, mpaka dothi linang'ambika. Pampopi madzi osatuluka, ogula m'zigubu osakwanira ndi kusamba komwe."

"Osafunsa anthu bwanji?"

"Ndinkati ine mwana wa mlimi, ndikafunse Mkenya kadzalidwe ka maungu?"

"Ndi zimenezotu. Basi, Malichi mvula ibweranso, mudzadzale zotsalazo."

"Zotsala ziti? Ndinakwirira zonse."

"Aa, inunso! Mbewu sadzala yonse, amasungako. Imbani kumudzi, amayi anu atumize zina."

Mtsikana uja anasinthira sukuma kudzanja lina, nayang'ana kumsewu.

"Tinawaika m'manda mu Febuluwale. M'munda mwawo achimwene adzalamo mbatata ya kachewere yokhayokha, ati maungu sagulitsika."