Chomenyera Mlamu

Kapitawo wa pagalaja anagonja kwa mlamu wake pa tenisi ya patebulo amakaniko onse akuona, ndipo mlandu wonse anaukankhira kwa kathabwa komenyera mpira. Kutatsala tsiku limodzi kuti abwerezane, analowa m'sitolo ya zamasewera mimba ili patsogolo, napeza mayi wogulitsa akupukuta magalasi ake.

"Mayi, ndipatseni chomenyera mlamu wanga."

Mayiyo anavala magalasi aja. "Walakwanji?"

"Wandichititsa manyazi! Mawa ndikufuna ndimumalize."

"Iii! Muno sitigulitsa zibonga, bambo."

"Asa! Ndikunena za patebulo!"

"Mukammenyera patebulo? Pansi pachepa?"

Kapitawo anapumira m'mwamba. Anthu ena pobwera kuntchito nzeru amazisiya pamtsamiro. Analoza kukhoma. "Icho! Chofiiracho. Cha tenisi."

"Ooo, bwenzi mutatero kale. Mumasewera bwanji?"

"Ngati mkango."

"Mkango sugwira kathabwa. Ndikufunsa kuti ndinu oyamba kumene, apakatikati, kapena akatswiri?"

"Ine woyamba kumene? Ndi imvi izi?"

"Imvi sizibweza mpira. Mwasewerapo kangati?"

"Kamodzi." Anakonza lamba. "Koma kamodzi kamphamvu."

"Masewerowo anatha bwanji?"

"Kunali mphepo."

"Munkasewera panja?"

"M'kantini."

"Ndiye mukufunika chitseko, bambo. Zitseko ndi sitolo yachitatu kuchokera pano."

"Mayi inu, mukundiyesa chidzete?"

"Ayi, ndikukuyesani msinkhu wa kaseweredwe." Anatsitsa kathabwa kena pakhoma. "Aka ndi ka oyamba kumene. Labala wake ndi wopyapyala, mpira umapita pang'onopang'ono kumene mwautuma."

Kapitawo anakanyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. "Aka mukapatse ana a mkaka. Ine ndati chofiiracho."

"Chimenecho ndi cha akatswiri. Mpira umachokapo ngati chipolopolo. Chimafuna dzanja lozolowera."

"Dzanja ili lamasula mabawuti a malole zaka makumi awiri!"

"Mpirawu ulibe mabawuti."

"Bweretsani!"

Mayiyo anampatsa chofiira chija pamodzi ndi kampira koyera, kenako anabisala kuseri kwa kauntala.

"Mukubisala chiyani?"

"Mwati ndinu mkango."

Kapitawo anaponya kampira m'mwamba, nakutumula dzanja ndi mphamvu zake zonse. Wuu! Anamenya mphepo. Kampira kanagwa pa nsapato yake, kali phee.

"Ndimayesa kaye kulemera kwake."

Ulendo wachiwiri anakapeza. Pha! Kanagunda denga, kanakhudza babu, nkusowa.

"Mwaona liwiro limenelo?"

"Ndaona. Kodi mlamu wanuyo amaima padenga?"

Kapitawo anakumbukira mmene amakaniko anagwirira nthiti dzana lija, mpaka wina kutsamwa ndi tiyi. Mwakachetechete anatola kathabwa ka ana a mkaka kaja, napempha kampira kena. Anaponya, anakutumula. Kathabwa kanampeza pachala chachikulu cha dzanja lamanzere, kampira nkugubuduzika kulowera kosadziwika.

Anayamwa chalacho, nayang'ana kukhomo ngati kukubwera munthu. Kenako anawerama pakauntala, mawu atatsika.

"Mayi, tinene zoona. Pansi pa oyamba kumene palibe gulu lina?"

"Lilipo, bambo. Otola mipira."

"Eya! Amenewo amafunika chiyani?"

Mayiyo anasuzumira pansi pa mashelefu, nayang'ananso kudenga.

"Amafunika aziona kumene mpira wagwera. Inu simunafikepo."