Chamba Chochita Maluwa Chili M'mawondo

Pa siteji ya maminibasi a ku Mzuzu, pa Rumphi Boma, mayi wina wa ku Henga ankadandaulira bambo wachilendo amene anakhala naye pabenchi.

"Musandiyang'ane choncho, adada, chamba chake n'cha laisensi, cha kopaletivi yathu. Mbewu inachokera kunja. Koma changofika m'mawondomu, chayamba kale maluwa."

"Ndiye mwatani, mayi?"

"Ndadula nsonga zonse ngati fodya, kuti chikule. Sipanapite nthawi, maluwa ena mbwee!"

"Chimenecho si fodya. Ifenso kwathu ku Mchinji zinationekera. Kumene mbewuyo imachokera, nthawi yodzala dzuwa limachedwa kulowa. Usiku ukayamba kutalika, chimadziwa kuti nyengo ikutha, n'kuthamangira maluwa. Kuno usiku ndi wautali chaka chonse, ndiye chikangomera chimaona ngati chachedwa kale."

"Feteleza sangathandize?"

"Ngakhale muthire thumba lonse. Chimafuna kuwala. Ife timachiyatsira mababu a sola madzulo mpaka chitatalika, kenako timasiya kuti chichite maluwa."

"Yewo chomene, adada. Fodya ndinasiya anthu akundiseka, amuna anga omwe, ndipo sindibwererako. Ndidzalanso, ngakhale mizere iwiri kuseri kwa nyumba. Sola ndili nayo imodzi, yowunikira pabalaza. Ituluka imeneyo."

"Aa, mayi! Nanga ana aziwerengera chiyani madzulo?"

"Azikawerengera kumunda komweko. Tebulo ndinyamula ndekha."