Mpango wa Kaputeni Jelassi

Malemu a Mondher Jelassi anabadwa pa 9 Malichi 1961 kuno ku Tozeur. Ndinawalandira ndine azakhali awo. Anatuluka atafumbata nkhonya ngati agwira kale chiwongolero.

Sukulu anayambira konkuno, namaliza ku Tunis. Mayina a maphunzirowo musandifunse, ine ndinalekezera pakhomo la kalasi. M'chaka cha 1986 anayamba kuyendetsa ndege zonyamula anthu. Mu 1988 anakwatira mayi Radhia, amene anawapirira kuposa tonsefe.

Atakwezedwa kukhala oyesa anzawo, anatchuka ndi mpango wa m'thumba. Akalowa ndi munthu m'ndege yoyeserera ija yosachoka pansi, ankazimitsa makina oyendetsa ndege okha, n'kuphimba ndi mpangowo galasi lolozera njira. Ankasiya timawotchi basi: ka liwiro, ka kutalika, ka kupendekeka. "Bulu akafa panjira, katundu amasenza mwini," ankatero.

Mu 2016 mwana wawo Skander anawapempha kuti amuyese mwamseri asanakalembe mayeso a ukaputeni. Mpango utagwa pagalasi, mnyamata anasokonezeka. Malemu anakauza akuluakulu a kuntchito kuti mwanayo sanapse, adikire. Ndinawakalipira: "Mondher iwe, mwana wako yemwe? Mutu wouma ngati njere ya kanjedza!" Anangoti, "Azakhali, kumbuyo kwake kumakhala ana a eni." Kuchokera tsikulo Skander sanapondenso pakhomo pa bambo ake.

Mu 2021 manja a malemu anayamba kunjenjemera ndi matenda, mpaka tiyi ankawamwetsa ndi mayi Radhia. Kuchipatala ku Tunis ankangoyang'ana kuchitseko. Skander amene ankamudikirayo anafika Lachiwiri, maso a bambo ake atatsekedwa kale.

Dzulo thupi linabwera pa ndege imene Skander anapempha kuiyendetsa. Mphepo ya mchenga ija munaiona nonse. Akuyandikira bwalo, makina anataya chiwongolero, mizere yolozera njira n'kuzimirira. Anatera ndi manja, maso pa timawotchi, bambo ake ali kunsi pamodzi ndi masutukesi. Atafika anandigwera pachifuwa: "Azakhali, ndimawamva bambo akundikalipira." Ndinafuna kumuseka, koma ndinangomukumbatira.

Malemu asiya mayi Radhia, ana awiri, Skander ndi Olfa, ndi zidzukulu zitatu. Tikuthokoza anamwino, osambitsa thupi, okumba manda ndi nonse mwabwera ndi mbale za chakudya chathu cha kusikusi.

Mpango uja mayi Radhia aupereka kwa Skander m'mawa uno, osachapa. Allah awachitire chifundo a Mondher, manja awo apumule mumtendere.