A Zakwana a ku Maiwe a Ndere

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1966, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu. Mundikhululukire ndikaphonya mawu. Ine ndine mwana wawo wamkazi, sindinayankhulepo pagulu, komanso diso limodzi lili pa kamwana kanga kali m'manja mwa azakhali akeko.

Anayamba sukulu mu 1973, nalekezera fomu 2. Mu 1988 anakwatiwa ndi bambo athu, omwe anali makaniko. Bambo anatisiya mu 2004, mayi n'kutsala okha ndi ana atatu.

Mu 2009 analembedwa ntchito pakampani yoweta ndere. Ena mwa inu munkawaseka kuti akulima zinthu zimene anzawo amakwecha m'migolo n'kutaya. Komatu si ndere zoterera zija ayi. Ndi tinthu tosaoneka ndi maso, timene timangobiriwiritsa madzi m'maiwe a simenti, chiwilo chikutakasa osapuma. Akakolola amaumitsa, n'kufinyamo mafuta oyendetsera injini.

Mayi ankatiuza kuti nderezo ukamazithira feteleza tsiku ndi tsiku zimangoswana, mafuta osaoneka. Zimayamba kusunga mafuta ukasiya kuzidyetsa. Ntchito yawo inali yodziwa nthawi yosiyira. Ankatunga madzi m'kabotolo, kukayang'ana padzuwa, n'kunena kuti zakwana. Anzawo a kumaiwe anawapatsa dzina lomwelo, a Zakwana.

Ine mtima umenewo sindinatengere. Mwana wanga atayamba kuyenda mu 2023, ndinkamuthamangitsa ndi supuni ya phala mpaka kuseri kwa chitseko. Mayi ankangoseka, amvekere mwanayo si dziwe, ndipo ngakhale dziwe amalipumitsa.

Mu Okutobala chaka chomwecho mayi anapezeka ndi khansa ya kummero, nalandira mankhwala kwa chaka chathunthu. Mu Januwale chaka chino madokotala anati mankhwala otsala angowonjezera masiku, osati kuchiritsa. Mayi anasankha okha kubwerera kunyumba.

Ndamva zikunong'onedwa pamaliro pano kuti ana tinawatulutsa msanga m'chipatala, ndiponso kuti tinawamana chakudya. Amalume, ndi inu nonse, ndiloleni ndinene pafupi ndi bokosi lawo. Amene anakakamira kuti asatuluke ndinali ine. Kunyumba ndinkakhala m'mphepete mwa bedi ndi mbale ya phala, kuwanyengerera ngati khanda, iwo n'kumameza misozi ili m'maso pofuna kungondikondweretsa. Lachiwiri lapitali anandigwira dzanja la supuni lija. Anati ku ntchito akanena kuti zakwana, ngakhale bwana sankatsutsa, nanga mwana wobala okha akuwakanira bwanji. Ndinaika mbale pansi. Masiku otsalawo tinangocheza, ine ndikuwanyowetsa milomo, mdzukulu wawo akugona pamiyendo pawo. Anamwalira Loweruka m'mawa, pa 8 Febuluwale 2025.

Asiya ana atatu, adzukulu anayi ndi mlongo wawo mmodzi, amalume athuwa. Tikuthokoza anamwino amene ankabwera kunyumba kudzawapatsa mankhwala ochepetsa ululu, anansi amene ankandilandira mwana ndikakhala kuchipinda, ndi anzawo a kumaiwe amene anyamula bokosi lero.

Mayi, ndinachedwa kukumverani, koma ndinamva. Zakwana. Mzimu wanu uuse mumtendere.